Amake Tiyese, Bwerani Tidye

Ndikudziwa kuti ndikamaliza nkhani iyi ena mwa inu munena kuti ndine wabodza. Palibe kanthu, dzina limenelo ndinalilandira kalekale ndipo silinanditupitse mimba. Sukulu ndinalekeza aphunzitsi atatopa nane, choncho musayembekezere Chichewa chositasita. Koma iwe amene ukudziguguda pachifuwa kuti suopa kanthu, sendera kuno umve mpaka kumapeto. Ukatha, mawa ukwere wekha phiri la Mulanje, ukasende nthochi kumtundako. Tione ngati ikadutse pakhosi.

Pa Chitakale panali bambo wina wojambula zithunzi, dzina lake Yotamu Kamtedza. Kwawo kunali ku Ntchisi. Kuno anabwera kudzathyola tiyi, nkupeza mkazi, nkuiwala njira yobwerera. Tiyi atamukwana anagula kamera, nayamba kuyenda m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'maubatizo. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, wa jekete imodzi yomweyo chaka ndi chaka, koma yochapa. Kupemphera ndiye kunali kwake munthuyo. Ngakhale mtedza umodzi, ankayamba watsinzina asanauponye mkamwa.

Chinanso chimene ankadziwika nacho ndi ichi: chikwatirireni mkazi wake Esinala, Yotamu anali asanadyepo kanthu osamuitana. Mandasi olandira paukwati ankawakulunga m'pepala kukagawana kunyumba. Ife a pabawo tinkati anamudyetsa kondaine wa mlingo wa ng'ombe. Iye ankangoseka, amvekere, "Ngati ndi mankhwala, andiwonjezere."

Tsiku lina abusa awo anadandaula paguwa kuti makalendala a m'nyumba za Akhristu angodzaza mapiri a kunja, pamene Mulungu anatiikira phiri pakhomo penipeni. Mawu amenewo anamulowa Yotamu ngati munga. Anaganiza zokwera kukajambula zolengedwa za kumtunda: mathithi, mitengo ya mkungudza, anyani, mbira, makamaka chinkhoma, kambawala kaja kamene kamaima pansonga ya mwala miyendo yonse itaunjikana pamodzi. Ankafuna anthu aone ndi maso kuti phirilo ndi la Mulungu, osati la aja amatchulidwa monong'ona.

Esinala atamva, anangoyamba kumanga katundu.

"Inu mukupita kuti, amake Tiyese?"

"Komwe mukupita inuko. Ndikakusiyani nokha mukafa ndi njala mbale ili pamiyendo. Tiyese ndi wamkulu, asunga nyumba."

Wotsogolera njira anali mchimwene wake wa Esinala, a Fulaye, mwini mbumba, amene imvi zinawapeza akunyamula zikwama za alendo m'phirimo. Fodya wa chingambwe sankachoka pakamwa pawo, ndipo m'tchalitchi ankalowa pamaliro pokha. Ndi mlamu wawo ankakondana mwa chipongwe.

Atadutsa minda yomaliza ya tiyi, a Fulaye anaima natula chikwama.

"Alamu, musanaponde kwa eni ake, imvani. Mukamva wina akukuitanani m'nkhungu, osayankha. Ndipo mukapeza chakudya choyalidwa pamwala, khalani pansi mudye nokha, chete, mudzuke muzipita. Osanyamula. Osaitana mnzanu."

"Kuthengo kuno wophikira anthu ndani?"

"Eni ake."

"Mwini wake ndi mmodzi, alamu, ndipo sindinamvepo kuti amaotcha mbatata."

"Inu ndinu mumalankhula naye tsiku ndi tsiku, mukamufunse. Ine ndangonena za anansi ake."

Esinala anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Iye anabadwira m'tsinde mwa phirilo.

Dzuwa litafika paliwombo anawoloka kamtsinje, nakhala pathanthwe kupuma. Ali pomwepo mayi wina anatulukira m'munsi, wamfupi, wopanda nsapato, atasenza lichero lovundikira ndi nsalu yakuda. Chitunda chimene chinawatulutsa iwo malilime, iye ankachikwera ngati akuyenda pabwalo la kwawo.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero Yotamu, chipewa chili m'manja.

Zii. Mayiyo anaponda m'madzi, naponda pathanthwe, nakhotera kuseri kwa mwala. Nkhope yake palibe anaiona bwino; aliyense pambuyo pake ankati nsalu ija inatchinga. Koma Yotamu, poti maso ake anazolowera kuona tinthu ting'onoting'ono, anayang'ana pansi. Mapazi awo onyowa anali apo, akuuma pang'onopang'ono. A mayiyo panalibe.

"Mkazi wa ocheka matabwa ameneyo," anatero a Fulaye osafunsidwa. Fodya wawo anali atazima, ndipo machesi ankangothyokera m'manja mwawo.

Anafika kumtunda madzulo, pa kanyumba kamatabwa kogona alendo. Mlonda wake anali atatsikira kumaliro, ndiye anali okhaokha. Abale anga, kumtundako ndi dziko lina. Udzu wofiirira ukuweyuka mpaka kumene maso alekeza, miyala ikuluikulu ili ngundangunda ngati njovu zogona, mikungudza yolendewera ndere ngati ndevu za nkhalamba, ndipo mitambo, imene ife kuno timaiyang'ana chagada, ili pansi pa mapazi. Yotamu anavula chipewa nayamba nyimbo ya kutchalitchi, misozi ili chuchuchu. M'phiri mawu amabwerera, mwana aliyense amadziwa. Ake anapita osabwerera, ngati wina wawalandira nkuwasunga.

Ntchito inayamba. Mapiri, mathithi ndi mitambo zinkalola kujambulidwa. Nyama ndiye ayi. Yotamu ankadziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha: ankagona chafufumimba m'mame mbandakucha, kamera itatsamira pamwala, osakanda ngakhale pamene nyerere yamuluma. Chinkhoma chinkabwera ndithu, nkuima bwinobwino, nkumamuyang'ana. Iye tcha! Akayang'ana pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, mwala wokhawokha. Mbira chimodzimodzi. Ngakhale khungubwe, mbalame yopanda manyazi ija imene inkawabera nyenyeswa pakhonde, pachithunzi inkangosiya nthambi.

"Mwina kamera yanuyi inazolowera akwatibwi," ankatero a Fulaye. "Muziyamba mwaziveka velo nyamazo."

Madzulo alionse, dzuwa likamalowa, kumtunda kunkamveka kusinja. Du, du. Du, du. Misi iwiri mumtondo umodzi, molandizana, monga amachitira akazi odziwana. Kumene kunkachokera phokosolo kulibe mudzi, kulibe munda.

"Ndi madzi akugunda m'phanga," anatero a Fulaye, maso ali pamoto.

"Madzi amapumira kuti apete, achimwene?" anafunsa Esinala. Pakuti kusinjako kukadukiza, kunkamveka lichero: tsa, tsa, tsa.

A Fulaye anasonkhezera moto.

Kenaka mbale inasowa. Aliyense anali ndi yake. Ya Esinala inali ya buluu, yothothoka m'mphepete, imene anachoka nayo kwa amayi ake. Anaitsuka madzulo nkuivundikira pathandala pamodzi ndi zinzake. Kutacha, zinzakezo zinalipo, iyo palibe.

"Anyani," anatero a Fulaye.

"Anyani osankha mtundu?" anafunsa Esinala.

Tsiku limenelo banja linadyera mbale imodzi, Yotamu nkumati zakoma, zamukumbutsa ukwati uli wauwisi. Koma Esinala ankangotola chakudya ngati nkhuku yodwala chitopa.

"Abambo, titsike mawa," anatero motsitsa mawu. "Mathithi mwajambula, mitengo mwajambula. Zakwana."

"Nanga chinkhoma? Ndikawauza chiyani abusa, kuti mkulu wa mpingo wathawa mtondo? Ndipatseni mawa lokha, amake Tiyese. Mkuja titsika."

Mkazi anayang'ana mchimwene wake, mchimwene anayang'ana moto.

M'mawa mwake Yotamu anadzuka ndi nzeru. "Alamu, lero mutsale. Nyama zikuthawa fodya wanuyo. Mumanunkha ngati chigafa chapsa."

"Pitani, abusa aang'ono. Koma mukaona nkhungu ikukwawa, bwererani msanga."

Esinala anamuitanira phala. Iye anati adzamwa pobwera, kuwala kwa m'mawa kungamuthawe.

Anakwera, nakwera, kutsatira timapazi ta chinkhoma, mpaka kanyumba kanabisika. Ndiye chiperoni chinabwera. Inu a kuchigwa mumachidziwa ngati kamvula kowaza. Kumtunda chimabwera ngati khoma loyenda. Kuphethira kamodzi, ndi dzanja lake lomwe silinkaoneka. Anatembenuka kuti abwerere, njira yasanduka miyala yofanana yokhayokha. Anayenda, nagwa, nadzuka. Mwala umene waupitirira unkamudikiranso kutsogolo. Kuzizira kunalowa m'mafupa, njala nayo inayamba kumupota matumbo. Ndipo patali, masanasana, kusinja kuja kunkamveka. Anagwada napemphera kuti Ambuye amuonetse njira, ngakhale kachizindikiro chabe.

Asanatsegule maso anamva fungo la mbatata yootcha.

Anatsatira ndi mphuno. Pathanthwe losalala, losesedwa bwino, panali mbatata zikufuka nthunzi, phava la nthochi zakupsa, ndi chikho cha madzi osamba m'manja. Mbatatazo zinali m'mbale ya buluu yothothoka m'mphepete.

Tsono apa musamuweruze msanga. Mawu a mlamu wake anawakumbukira, inde, anadutsa m'mutu ngati ntchentche. Koma mbale inali ya mkazi wake. Mumtima anati: mayi uyu! Waipeza mbale yake, wanditsatira ndi chakudya, ndipo wabisala kuseri kwa mwala kuti andiseke. Anavula chipewa, natsinzina, nathokoza Mulungu mokweza chifukwa cha chakudya ndiponso chifukwa cha mkazi wotere. Atati ameni, pakamwa panachita zimene panazolowera zaka zonsezo.

"Amake Tiyese! Bwerani tidye!"

Kusinja kunaleka. Osati kuchepa, ayi. Kuleka, ngati munthu wagwira musi m'mwamba. Mphepo nayo inaima. Kenaka anamva mawu a Esinala, enieni, aja amayankhira ali kukhitchini:

"Ndikubwera, abambo!"

Koma mawuwo sanachokere kuseri kwa mwala. Anachokera kumtunda, kutali, kumene kunkasinjidwa kuja.

Nkhungu inang'ambika pang'ono ngati nsalu yakutha, ndipo Yotamu anaona denga la kanyumba kaja pansi penipeni, laling'ono ngati bokosi la machesi. Mawu a munthu sakanafika kumeneko ngakhale atakuwa mpaka kusanza magazi. Apa anadziwa kuti chakudyacho sichinabwere ndi mkazi wake. Anasiya chakudya osachikhudza, nathamanga chotsetsereka, kamera ikumumenya pachifuwa.

Anapeza a Fulaye atakhala padothi, miyendo tambalale ngati mayi wa pamaliro. Pakhonde panali anyezi osamaliza kusenda ndi mpeni.

"Ali kuti?"

"Mwatani, alamu? Mwatani kumtundako?"

"Ndikuti mkazi wanga ali kuti?"

"Timacheza pompano. Basi angoimika mutu, ati, 'Abambo akundiitana.' Ine osamva kanthu. Ndati achemwali, khalani pansi, za kuno mukuzidziwa. Ati, 'Amenewo si ena, ndi amuna anga, ndipo sadya ndisanafike.' Apukuta m'manja, auyamba. Ndawagwira mkono, alamu, ine amene ndimabereka alendo otopa kumsana. Angondichotsa ngati akuchotsa chisoso pachitenje. Ndathamangira, nkhungu yawatseka. Mwawaitana inu?"

A Fulaye anamugwira paphewa.

"Munapeza chakudya."

Yotamu anavomera ndi mutu.

"Mayo ine, mbumba yanga!" A Fulaye anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

Anakwera onse, kulunjika kumene mawu anachokera. Yotamu ankafuna kukuwa dzina, a Fulaye anamutseka pakamwa ndi chikhatho chonunkha fodya. "Mwaitana kale. Zakwana." Nkhungu inkatseguka nkutsekanso, kutseguka nkutsekanso. Itatseguka pena, Yotamu anakweza kamera kuti diso lake lokoka zakutali limuthandize kufufuza tsidya la chigwa. Anaona udzu, miyala, basi. Chala chinadina chokha mwachizolowezi. Anayang'ana pa kagalasi.

Esinala anali pachithunzipo. Anali tsidya lija, atafulatira, akukwera, chitenje chake cha amayi a kutchalitchi chikuoneka bwinobwino. Pambali pake, pansonga ya mwala, chinkhoma chili chiimire, miyendo pamodzi, chonyezimira ngati chodzola mafuta. Chithunzi chimene anachigonera m'mame masiku onse aja.

Anakweza maso: tsidya kulibe munthu, kulibe nyama. Anajambulanso. Uyo, wasunthira kumtunda pang'ono, ndipo mbira zandandalika pathanthwe ngati ana a sukulu, zikumuyang'ana akudutsa.

"Alamu, taonani!"

A Fulaye anasuzumira kamodzi, nabweza nkhope msanga ngati aona apongozi akusamba. "Tiyeni," anatero.

Anatsika chigwa, nakwera tsidya, minga ikuwang'amba. Atafika pamalo enieni aja, udzu unali chiimire, wosapondedwa. Yotamu anajambula kutsogolo: Esinala ali pa chitunda china. Anathamangira kumeneko, najambulanso: ali pa chinzake. Sankathamanga mayiyo, ankangoyenda mayendedwe ake a kumsika, koma mpata sunkachepa. Ndipo nyama zonse za m'phiri zimene zinkamukana Yotamu zinabwera pa zithunzizo. Anchima atakhala phee m'nthambi. Njuzi ikuyenda pambali pake ngati mphaka wa pakhomo. Pa china, nyalugwe atagona, chibwano chili pa zikhatho, maso ali pa mayiyo. Zithunzi zoti abusa akanalira nazo ndi chimwemwe.

Koma m'mphepete mwa chithunzi chilichonse, kutsogolo kwa Esinala, munkatsala kanthu. Pena nsonga ya nsalu yakuda. Pena chidendene chopanda nsapato. Pena mthunzi wa chinthu chobulungira chosenzedwa pamutu. Yotamu akasunthira kamera uko kuti achigwire chonse, nachonso chinkasuntha, nkukhalabe m'mphepete.

Ndiye pakona ya kagalasi kachizindikiro ka batire kanafiira. Batire lachiwiri limene ananyamula linali litathera pa mathithi.

"Lekani kudinadina, alamu, mutha moto."

"Ndikaleka ndimuona bwanji?"

"Nanga ukatha mumuona bwanji?"

Inu mukanatani? Akajambula, moto ukutha. Akapanda kujambula, kutsogolo kuli udzu ndi miyala, sadziwa kolowera. Anayamba kuyenda mtunda wautali kamera ataikumbatira m'jekete kuti ifunde, milomo ikupemphera, kenaka mtima nkumulephera, tcha. Uyo. Ayendenso, apirire, apirire, tcha. Uyo, wachepa ngati nyemba.

Dzuwa litapendeka anajambula china. Pa chimenecho Esinala anali ataima. Anali atatembenuka, dzanja lili pamphumi, akuyang'ana uku ndi uku. Nkhope yake sinali ya mantha. Inali nkhope ija ankachita akasowana pa chigulu cha anthu, akumufunafuna mwamuna wake. Yotamu anakodola ndi manja onse, nalumpha, navula jekete nkuikupiza m'mwamba. Atayang'ananso pa kagalasi, kanali bii.

Anachotsa batire, nalipukuta, nalifunditsa m'khwapa, nalibwezera. Analiluma ndi mano monga timachitira ndi a wailesi. Bii.

Mdima unawakakamiza kubisala pansi pa thanthwe lolendewera. Atangokhala, kusinja kunayamba. Du, du, du. Du, du, du. Misi inali itawonjezekera. Ndipo watsopanoyo, musi ukamatsika, ankatulutsa kampweya, "hi, hi," monga ankachitira munthu mmodzi yekha amene Yotamu ankamudziwa. A Fulaye nawo anamva. Sananene za madzi a m'phanga.

M'malo mwake anati, "Njira ilipo imodzi, ndipo sindikulonjeza kanthu. Mwawachita chipongwe pawiri: mwaitanira mlendo pa chakudya chawo, kenaka mwachisiya osalawa. Kukacha mubwerere pamwala paja nokha. Mukachipeza, mudye chonse. Osaitana. Osapemphera."

"Osapemphera?"

"Munthu atakuphikirani, inu nkumathokoza wina pamaso pake, angamve bwanji?"

"Alamu, mukundiuza ine, mkulu wa mpingo, wogawa mgonero, kuti ndikadye za ziwanda ngati galu?"

"Tsitsani mawu, ndipo musawatchule dzina limenelo ali pafupi. Mulungu wanu mukamupepesa Lamulungu. Mumanena nokha kuti ndi wachifundo, amakhululuka. Awa sindinamvepo kuti anakhululukira munthu."

"Ndikadya amubweza?"

"Sindikudziwa, alamu. Ine ndimangonyamula zikwama." "Ndi mlongo wanga uja. Ndinamubereka kumsana ali khanda."

Yotamu anagwada pamiyala mpaka mawondo anachita dzanzi. Anapempha mngelo, sanabwere. Anapempha loto, tulo sitinabwere. Anayesa nyimbo, koma mawu ake ankangogwera m'kugunda kwa misi, nyimbo ya Mulungu nkumayenda ndi kusinja, mpaka analeka ndi mantha. Kumapeto pemphero lake linatsala lalifupi, lochititsa manyazi: "Ambuye, simunandiyankhe. Ndiye mawa mungoyang'anako kumbali pang'ono. Ndi mkazi wanga."

Kunacha kowala, kopanda ndi kamtambo komwe. Njira imene dzulo inamuzungulitsa inali poyera, yosesedwa, mizere ya tsache ikuoneka m'dothi. A Fulaye anatsala m'munsi atafulatira. Yotamu anakwera yekha.

Chakudya chinali pomwepo, chikufukabe. Anakhala pansi chipewa chili kumutu. Maso ankafuna kutsinzina okha, anawatong'ola. Lilime linkafuna kuyamba "Atate", analiluma mpaka kulawa magazi. Anadya mbatata, zosakoma ngati dothi. Anadya nthochi, misozi ikugwera m'manja. Atameza chomaliza anaimirira natembenuka kuti azipita. Kumbuyo kwake wina anatsokomola.

"Abambo ake Tiyese. Mwadya nokha?"

Esinala! Udzu uli m'tsitsi, manja ali m'chiuno.

"Munthu kundiitana, ine kuzungulira phiri lonse kukufunani, inu mwakhala apa mwapsiti ndi makoko omwe?"

Anamukalipira njira yonse mpaka pa Chitakale, a Fulaye akuvina kutsogolo, ndipo Lamulungu lotsatira a Fulaye analowa m'tchalitchi popanda maliro.

Mwapuma, eti? Ndakuonani, mapewa atsika. Amayi awo akupukuta m'maso.

Pepani. Kuyambira pamene Yotamu anapezanso chakudya chikufukabe, nakhala pansi nkudya, mpaka a Fulaye kulowa m'tchalitchi, ndapeka ine. Ndimapekapo chifukwa nkhaniyi ndikaisiyira pamene inathera, anthu amachoka osanditsanzika. Esinala sanatsike. A mpingo anakwera ndi nyimbo, a m'midzi anakwera ndi agalu, anafufuza mpaka mvula inawathamangitsa. Mpaka lero.

Tsiku lija a Fulaye anadikira m'munsi mpaka dzuwa kupendeka, kenaka anakwera kukaona. Anapeza mlamu wawo atakhala pamwala, ali duu. Madzi a m'chikho anali atasambidwa, pathanthwe pakali ponyowa. Makoko a nthochi anali ataunjikidwa pambali mwaudongo. Chakudya chimene ankati akadye chonse kuti apepese chinali chitayambidwa kale. Wina anachigawa pakati ndendende, nadya mbali yake. Mbali inayo anaikulunga mu mpango wa kumutu wa Esinala, namanga mfundo kuti isazizire. Yotamu anali ataifungata pamiyendo, osaimasula.

Amake Tiyese anaitanidwa, ndipo anabwera. Woitana ndiye panalibe.